Giyabokosi ya Malemu

Masana a tsiku limenelo kunatentha mwakuti ngakhale ntchentche zinkauluka mwaulesi. Mu ofesi ya apolisi fani inkazungulira pang'onopang'ono, ikungokankha mpweya womwewo uku ndi uku. Sajeni, mayi wojintcha amene anali atafufuza milandu kwa zaka zambiri, anali atatsamira khoma, tulo tikumunyengerera. Anangozindikira kuti pampando wa alendo pakhala munthu. Sanamumve akulowa.

Anali mayi wachikulire, wochepa thupi, wovala diresi yosokedwa bwino, tepi yoyezera nsalu ili m'khosi ngati anaiwala kuivula. Anthu a kudera kwawo ankangowatchula kuti Mayi Telala.

"Ndabwera kudzadandaula, mwananga," anatero mayiwo. "Amuna anga akumadutsa pamsewu m'mawa, koma saima."

"Munayambana?"

"Ayi. Anamwalira chaka chatha."

Sajeni anawongola msana, tulo tonse balala.

"Sindikunena kuti ndimawaona," anapitiriza Mayi Telala. "Ndimamva pikapu yawo. Ikamakwera chitunda cha kwathu pa giya yachitatu imaimba. Kamawu kake n'kakang'ono, ngati mwana akung'ung'udza nyimbo kuseri kwa chitseko. Ndaimva moyo wanga wonse wa m'banja. Ndinkati ndikangoimva, n'kutereka madzi a tiyi."

"Nanga pikapuyo ili kuti?"

"Ili kuseri kwa nyumba, yofunditsidwa lona. Chimwalirire mwini wake sinasunthepo." Anamwetulira pang'ono. "N'chifukwa chake ana anga akuti mutu wanga wayamba kusokonekera. Mkuja akunditengera kwa dokotala, ndikachoka kumeneko ndikakhale kwa mwana wanga wamkazi, kutali. M'nyumba mwanga mulowa mwana wanga wachisamba ndi mkazi wake. Mwina akunena zoona. Koma ine ndakhala pa makina osokera kuyambira ndili mtsikana, ndipo makina alionse ali ndi mawu ake. Ndisanavomere kuti ndapenga, ndimafuna munthu wina adzamvere nane limodzi."

Apa panalibe mlandu woti wapolisi n'kudzukirapo pampando. Koma bambo ake a Sajeni anali oyendetsa lole, ndipo iye ali mwana ankaidziwa lole yawoyo isanaonekere pakona, pakati pa malole ena onse. Anatambasula dzanja n'kutenga chipewa chake.

*

Nyumba ya Mayi Telala inali pamwamba pa chitunda chachitali, mkati mwa mpanda wa njerwa wa geti lachitsulo. Pakhonde anapeza mwana wachisamba uja, mwamuna wamtali wa nkhope yotopa, ali ndi mkazi wake. Kuntchito anali atapempha masiku awiri kuti akonze za ulendo wa amayi ake.

"Amayi, mpaka kupolisi?" anatero mwamunayo. Kenako anatembenukira kwa Sajeni. "Pepani, bwana, akuvutitsani. Chimwalirire bambo, amayi sali bwino. M'mawa amavala diresi yawo yabwino n'kukaima pageti ngati akudikira alendo. Ine ndinabwerapo kudzamvera nawo. Sindinamve kanthu."

"Linali tsiku lanji?"

"Lamulungu. Ndi tsiku lokhalo limene sindipita kuntchito."

"Lamulungu sadutsa," anatero Mayi Telala.

"Mwamvatu. Akuti bambo amapuma Lamulungu."

Mkazi wake anabweretsa madzi akumwa m'tambula. Anali wofatsa, wa mawu osalala, ndipo akamwetulira pankaoneka kampata pakati pa mano ake akutsogolo. "Ife timangowafunira zabwino apongozi," anatero. "Munthu wamkulu kukhala yekha m'nyumba yaikulu chonchi, si bwino."

Pikapu inali m'kashedi kuseri. Mayi Telala anakoka lona, fumbi n'kukwera m'mwamba, likuyandama m'kuwala kolowera m'mabowo a malata. Inali yoyera, penti itayamba kusuluka.

"Uyu ndiye mkazi mnzanga," anatero. "Amuna anga ankagona pansi pake kuposa mmene ankagonera pabedi."

Sajeni analowa kutsogolo. Munkanunkhira mpando wakale ndi sopo. Anaponda kilachi n'kugwira ndodo yosinthira magiya. Ndodoyo inangoyendayenda ngati supuni m'kapu yopanda kanthu.

"Sinkatero," anatero Mayi Telala ali pawindo. "Inkalowa bwinobwino, ngati kiyi mu loko watsopano."

Sajeni anapempha thumba lakale, analiyala pansi, n'kulowa chagada kunsi kwa galimoto. Kunali kozizirira, kwamdima pang'ono, ndipo kwa kanthawi anangogona akuyang'ana mimba ya chitsuloyo. Akangaude anali atamanga paliponse: pa masipuling'i, pa paipi ya utsi, kuseri kwa matayala. Koma pozungulira giyabokosi panalibe ulusi wa kangaude ndi umodzi womwe. Mitu ya mabawuti ogwirizira giyabokosi ku injini inkanyezimira, sipanala itaikanda posachedwa. Pansi panali mabowo awiri pamene panaima majeke, komanso kadontho ka oyilo wakuda. Anakakhudza ndi chala. Munali tizitsulo tonyezimira ngati mchenga.

"Amayi," anaitana ali pansi pomwepo, "bambo ankaisamalira bwanji giyabokosi imeneyi?"

Mayi Telala ananyonyomala pafupi ndi tayala. Sajeni ankangoona mapazi awo ndi mpendero wa diresi, mawu akubwera ngati akuchokera kutali.

"Ankaisamalira ngati khanda. Ankamasula kabawuti ka m'mbali, n'kulowetsa chala chaching'ono kuti aone ngati oyilo wafika pakamwa. Akatero ankanunkhiza chalacho. Ankati oyilo wopsa amanunkha ngati tsitsi lowauka. Posintha, ankayamba aizungulitsa kaye kuti itenthe, kenako n'kukhuthulira oyilo wakale m'beseni langa lochapira, ine ndikudandaula. Ankaviikamo maginito kuti aone ngati mano a magiya ayamba kudyeka. Giya yachitatu inathyokapo kalekale, ana adakali aang'ono. Anaikamo ina yochokera m'galimoto ya mtundu wina. Mano ake sanagwirizane kwenikweni, ngati ife tomwe titangokwatirana, ndiye m'malo mokangana anayamba kuimba."

"Palinso china chimene mungaidziwire?"

"Bawuti ya pansi, yotulutsira oyilo, inkadontha. Anatenga ulusi wofiira pamakina anga n'kuikulunga. Ankati imeneyo ndi mphete ya mkazi mnzangayo."

Sajeni anapapasa bawuti ya pansi, anaiyang'anitsitsa, anaikanda ndi chikhadabo. Kenako anatuluka, akusasa fumbi kumsana. Onse atatu ankamuyang'ana.

"Giyabokosi ili pansi apa," anatero, "si ya galimoto ino."

*

Anakhala pakhonde. Sajeni anafotokoza kuti kuchotsa giyabokosi si ntchito ya munthu mmodzi, komanso si ya kanthawi kochepa. Pamafunika kumasula shafuti yopita kumatayala akumbuyo, kuchotsa ndodo ya magiya, kuchirikiza injini, kenako kutsitsa chitsulo cholemera ngati munthu wamkulu. Mwini nyumba sangalephere kumva.

"Munachokapo liti pano, amayi?"

"Kamodzi kokha. Mwana wanga wamkazi atachira, ndinapita kukaona mdzukulu. Nditabwerako m'pamene ndinayamba kuimva."

Sajeni anayang'ana mwana wachisamba. Iye anagwedeza mutu asanafunsidwe.

"Ndinawaperekeza ndine, bwana. Ndinali pa tchuthi, ndinakhala nawo komweko mpaka tinabwerera limodzi."

"N'zoona," anatero Mayi Telala. "Ankagona pabalaza, miyendo itatulukira kunja kwa mpando."

"Makiyi a geti alipo angati?"

"Anga ndinapita nawo. Ena amasunga iyeyu."

"Anga ndinawasiya kunyumba kwathu, pamsomali," anatero mwanayo.

"Sanachokepo pamsomalipo," anatero mkazi wake, akutolera matambula.

"Ndani wina amene amaidziwa bwino galimotoyi?"

"Alamu anga," anatero Mayi Telala motsitsa mawu. "Mng'ono wawo wa malemu. Ndi makaniko."

"Bambo aang'ono sangachite zimenezo," anatero mwanayo. "Pamene tinakhala pansi monga banja kukambirana za matenda a amayi, analipo. Anavomereza zonse. Akanakhala kuti akudziwapo kanthu akananena."

Tsidya lina la msewu, moyang'anizana ndi geti, kunali kanyumba kometera tsitsi. Sajeni anapeza wometayo akupukuta kalilole wamkulu wa pakhoma. M'kalilolemo munkaoneka msewu wonse, geti, ndi nsonga ya mtengo wa m'mpanda, zonse zitatembenuka, zikunjenjemera ndi kutentha.

"Ine sindiyang'ana za anthu, bwana," anatero wometayo. "Kalilole wangayu ndi amene sadziwa ulemu. Ine ndimayang'ana mutu wa kasitomala, iye n'kumandionetsa zina. Masiku amene mayi aja anachokapo, eya, ndikukumbuka. Ndinali ndikumeta mkulu wina wadazi, amene amabwera kudzameta tsitsi limene kulibe. Ndikutukula maso, ndikuona anthu awiri akulowa ndi wilibala, atafunditsa thumba. Dzuwa litapendeka, anatuluka ndi wilibala yomweyo, thumba lomwelo. Ndinati anthu awa ndi odabwitsa, alowa ndi katundu, atuluka ndi katundu."

"Munawazindikira?"

"Mmodzi ndi makaniko uja, mlamu wawo. Kuyenda kwake kotsimphina sikusowa. Winayo anavala chipewa mpaka m'maso."

"Anathyola loko?"

"Ayi, anali akuba aulemu. Geti ndinaliona lili lotsegula kale, ndipo madzulo linali lokhoma bwinobwino. Amene anatsegula ndi kutseka sindinamuone. Kalilole naye amaphethira."

"Nanga galimoto yoimba ija, munaimvapo?"

"Ine ndimatsegula dzuwa litakwera, bwana. Komanso kamakina aka kamandilirira m'khutu tsiku lonse. Ngakhale mkazi wanga sindimumva."

Sajeni anafuna kupita kugalaja ya makanikoyo nthawi yomweyo, koma anadziletsa. Anali atalonjeza Mayi Telala kuti m'mawa adzamvera nawo limodzi.

*

M'mawa mwake kunagwa nkhungu. Chitunda chonse chinamira, nyumba za kumunsi zikungooneka madenga okha ngati zikuyandama. Mayi Telala anali ataima kale pageti, atavala diresi ya maluwa ang'onoang'ono, tsitsi atalipesa bwino. Sajeni anaima pambali pawo.

Kunadutsa minibasi, nyali zake zili psuu. Kunadutsa wanjinga atanyamula zidebe. Kenako kunakhala bata lalitali, madontho akugwa kuchokera m'masamba.

Mayi Telala anagwira mkono wa Sajeni.

Poyamba Sajeni anaganiza kuti ndi udzudzu. Kenako kamawuko kanakula, kosalala, kokwera pang'onopang'ono, kakubwera m'nkhungumo ngati munthu amene akuimba yekha osadziwa kuti ena akumumva. Kwa kamphindi anayembekezeradi kuona pikapu yoyera, ndi bambo wachikulire atatulutsa chigongono pawindo.

"Mukuimva?" ananong'ona Mayi Telala.

"Ndikuimva, amayi."

Dzanja lija linamufinya kwambiri, kenako linamasuka.

Imene inatuluka m'nkhungu inali pikapu yabuluu, yodzaza ndi mathireyi a mazira omangidwa ndi zingwe. Sajeni analowa pamsewu n'kutukula dzanja. Nyimbo ija inatsika n'kuzima.

"Imeneyi?" anafunsa Mayi Telala. "Imadutsadi. Maso angawa anatha ndi singano, zakutali ndimangoona mitundu. Ine ndinkadikira yoyera."

Dalaivala anali mwamuna wa zaka zapakati, wansangala. "Mwadzuka bwanji, bwana? Ngati ndi liwiro, mwalakwitsa munthu. Mazira safuna changu. Chitunda chonsechi ndimakwera ndi giya imodzi, ngati ndanyamula mkwatibwi."

"Giyabokosi yanu ikuimba bwino."

"Imeneyi ndi yabwino, bwana. Yakale ija inandizunza. Inkakukuta mano, giya n'kumatuluka yokha pakati pa chitunda, ine n'kumabwerera chambuyo ndi mazira a eni ake. Tsiku lina inangoti gwa, osalowanso. Mwini mazira anati ndikapanda kukonza apeza wina wa galimoto."

"Ndiye iyi munaipeza kuti?"

"Kwa makaniko. Ine ndinangothandiza kunyamula."

"Kunyamula kuchokera kuti?"

Dalaivala anayang'ana geti, anayang'ana Mayi Telala, kenako chiwongolero. Anayesa kuseka, ndipo Sajeni anaona kampata pakati pa mano ake akutsogolo. Anakhala akukayang'ana mpaka mwamunayo anatseka pakamwa.

"Kafunseni makaniko," anatero.

Sajeni anagwada pamsewu wonyowa n'kusuzumira kunsi. Pa bawuti yotulutsira oyilo panali ulusi wokulungidwa mosamala. Unali utada ndi mafuta, koma atausisita ndi chala, kufiira kwake kunaoneka. Atadzuka anapeza Mayi Telala atayika chikhatho pa chitseko cha pikapuyo, maso ali chotseka.

"Lowani m'nyumba, amayi, ndibweranso," anatero Sajeni. Kenako anatsegula chitseko cha mbali inayo n'kukhala. "Tiyeni kugalaja. Mazira adikira."

*

Galaja inali shedi yaitali ya malata, pansi pakuda ndi oyilo wa zaka zambiri. M'mbali munali magiyabokosi otsegulidwa, magiya ake atayalidwa pansalu motsatana, aakulu ndi aang'ono. Makaniko anali ataweramira injini ya galimoto ina imene inkalira, atapereka msana kukhomo. Anali wa imvi, mwendo umodzi wopindika.

"Odi, bambo," anatero Sajeni.

Sanatembenuke.

"Bambo makaniko."

Phee. Dalaivala wa mazira, ndi mantha ake, anagunda tebulo, sipanala yaikulu n'kugwa pa simenti ndi phokoso limene linadzidzimutsa ngakhale nkhunda za padenga. Makaniko sanagwedezeke. Anali atayika chikhatho pa injini, mutu ataupendeketsa, ngati mayi amene akuyesa kutentha kwa mwana.

Sajeni anazungulira n'kukaima patsogolo pake. Apo m'pamene bamboyo anadzidzimuka, anazimitsa injini, n'kuyamba kuyang'ana milomo ya Sajeni.

"Giyabokosi ya akulu anu munachotsa ndinu?"

"Ndine," anayankha mosazengereza, mokweza mawu kuposa mmene pankafunikira. "Alamu anavomera. Chitsulo chikangokhala chimafa, mayi. Oyilo amatsikira pansi, magiya a pamwamba amauma, dzimbiri n'kulowa. Bola chizigwira ntchito. Yakufayo ndinaikapo kuti makoswe asalowe ku kilachi, komanso kuti galimoto ya achimwene isaoneke ngati yotumbulidwa. Ndikapeza zitsulo ndidzaikonza, ndidzabweza chilichonse m'malo mwake."

"Simunaope kuti anthu aizindikira ndi kuimba kwake?"

"Inkaimba kale. Masiku ano inasiya. Ndinaiyesa ndekha pamsewu, ili zii."

Sajeni anayang'ana dalaivala, dalaivala anayang'ana pansi. Kenako Sajeni anavula chipewa, anabisa nacho pakamwa, n'kunena kuti, "Bambo, galaja yanu ikupsa."

"Eya, eya," anatero makaniko akugwedeza mutu. "N'zoona zimenezo."

Sajeni anatsitsa chipewa. Nkhope ya bamboyo inasintha pang'onopang'ono.

"Musauze anthu," anatero, tsopano motsitsa. "Makutu anatseka. Anayamba ngati mvula ikugwa kutali, kenako mvulayo inabwera pafupi. Makaniko wosamva ndani angamubweretsere galimoto? Ndimamvera ndi manja."

"Pa msonkhano wa banja uja, munamva zimene ankakambirana?"

"Ankalankhula atawerama, ena atapereka msana. Ndinaona ngati akunena zoti alamu apitenso kukacheza kwa mdzukulu. Ndinati ndi bwino."

Sajeni anayandikira, n'kulankhula pang'onopang'ono kuti milomo ioneke. "Alamu anu sanavomere kanthu. Sakudziwa n'komwe. Akumamva pikapu ya amuna awo ikudutsa m'mawa, pamene pikapuyo ili kuseri kwa nyumba. Banja lagamula kuti apenga. Mawa akuwachotsa m'nyumba mwawo. Inu munagwedezera mutu zimenezo."

Makaniko anabwerera m'mbuyo mpaka anakhala pa tayala lakale. Anayang'ana manja ake akuda.

"Anandiuza kuti ndichite iwo kulibe," anatero. "Anati alamu sangapirire kuona galimoto ikumasulidwa. Anati ndisadzaitchule nkhaniyi pamaso pawo, imawaliritsa."

"Anakuuzani ndani?"

Bamboyo anatukula dzanja n'kuloza dalaivala wa mazira.

"Mchemwali wake wa uyu. Ndi amene anatitsegulira geti."

*

Nkhungu inali itasungunuka pamene anabwerera pachitunda, ndipo kutentha kunali kutayambanso. Pabalaza panali makatoni. Mkazi wa mwana wachisamba anali atagwada, akulongedza nsalu za apongozi ake, mwamuna wake akumanga katoni ina ndi chingwe. Mayi Telala anali pampando wa pamakina awo, manja ali pamiyendo, akuonerera katundu wawo akulowa m'makatoni.

Mpongoziyo atatukula maso n'kuona mchimwene wake pakhomo, kumbuyo kwake kuli makaniko, nsalu imene anagwira inatsetsereka n'kugwa.

"Achemwali, ine sindinanene kanthu," anatero dalaivala.

"Sanafunike kunena," anatero Sajeni. "Kampata ka mano anu n'kofanana. Mayi, makiyi aja munati sanachoke pamsomali."

Mkaziyo anakhala chogwada. Atayamba kulankhula, mawu ake anali osalala monga kale. "Mchimwene wanga ali ndi ana. Ntchito ikanamuthera. Galimoto inangokhala apo, ikudyedwa ndi fumbi. Ndikanapempha, apongozi akanakana, safuna munthu aikhudze. Ndinati tibwereka, tidzabweza, palibe amene adziwe. Sindinkadziwa kuti chitsulo chili ndi mawu."

"Zimenezo ndazimva," anatero Sajeni. "Nanga apongozi anu atayamba kunena kuti akuimva?"

Panja nkhunda inalira.

"Ndinkafuna kunena. Tsiku loyamba lomwelo ndinkafuna kunena. Ndinati ndinena mawa. Kenako aliyense anayamba kulankhula zoti adwala, ndipo zinkamveka ngati zoona. Nthawi zina nanenso ndinkakhulupirira."

"Anayamba kutchula za dokotala ndani?"

Amene anayankha anali mwamuna wake, chingwe chidakali m'manja.

"Ndiwe," anatero chapansipansi. "Zoti tisamukire muno, unayambanso ndiwe. Ine ndinkalira m'bafa kuti amayi anga atha, iwe ukundisisita kumsana."

Makaniko sankamva zimene zinkanenedwa, koma anatsimphina mpaka pamene panali Mayi Telala, anagwada ndi mwendo wake wabwino, n'kunena mokweza kuti, "Alamu, ndikhululukireni. Lero lomwe ndibweza. Dzuwa lisanalowe ikhala ili m'malo mwake."

Mayi Telala anamugwira paphewa, anamuyang'ana m'maso kuti aone milomo yawo. "Dzukani, alamu. Muikemo oyilo watsopano."

Kenako anatembenukira kwa mpongozi wawo. Sanakweze mawu.

"Apongozi, mukanandipempha ndikanakanadi, simunaname. Koma mukanabwera kachiwiri ndi ana a mchimwene wanuyo, ndikanapereka. Inu munandisiya ndizidzifunsa ngati ndazimitsa moto, ngati ndadya, ngati dzina la mdzukulu wanga ndikulikumbuka bwino. Ndinasiya kulandira nsalu za anthu poopa kuti ndidula molakwika."

Mkaziyo anaphimba nkhope ndi manja.

Sajeni anawerama pafupi ndi Mayi Telala. "Amayi, kuba kwachitika, ndipo mboni zilipo. Mukufuna mlanduwu upite patsogolo?"

"Za chitsulozo alamu akonza. Zinazi sindikudziwa kuti kupolisi kwanu mumazitcha chiyani." Anasalaza diresi yawo pamaondo. "Ndikuuzeni zoona, mwananga. Pansi pa mtima ndinkadziwa kuti si iwo. Munthu ndinamuika m'manda ndikuona. Koma m'mawa uliwonse ndinali ndi chodzukira. Mawa sindikudziwa kuti ndidzavalira chiyani."

Sajeni anaweramuka. Anavala chipewa chake, n'kuuza mpongozi uja ndi mchimwene wake kuti atsogole, akafotokoze zonse ku ofesi, zotsalazo zidzaoneka mwini nkhani akaganiza bwino. Mkaziyo anadzuka mwapang'onopang'ono ngati munthu wodzutsidwa kutulo. Atafika pakhomo anacheuka n'kuyang'ana mwamuna wake. Sanamuitane.

Mwamunayo anaima pakati pa makatoni, akuyang'ana uku kuli mkazi wake, uku kuli amayi ake. Anaponya phazi limodzi kulowera kumene kunali makina osokera.

"Amayi, ine ndikhala nanu. Sindikusiyani nokha."

Mayi Telala anatambasula dzanja, anamulanda chingwe chija, n'kuyamba kumasula katoni imene iye anali atangomanga kumene.

"Pita naye, mwanawe, ndi mkazi wako," anatero. "Ine si wondilondera. Mutu wanga uli bwinobwino."